Katani Yambuu

Kunyumba ankamutchula kuti Chikwama. Ntchito yake inali yokonza makina m'mafakitale, tauni iyi lero, ina mawa. Akabwera kudzaona bambo ake sankavula ndi jekete lomwe.

Ulendo uno anabwera ndi mphatso. Katani ya kubafa. Yabuluu, yokhuthala, ya timbedza tachitsulo. Anaisankha mofatsa, atagwiragwira zonse za m'sitolomo. Yakale inamunyansa ulendo watha. Pulasitiki yambuu, sopo ataumirapo, m'munsi muli madontho a nkhungu.

Anapeza achemwali ake ali kuntchito. Bambo anali mtulo pampando, dzanja lawo lakufa lija lili pamwendo. Sanadzutse munthu. Anakwera pa ndowa, namasula yakale, naipinda ndi nsonga za zala. Lole ya zinyalala inali kudutsa mumsewu. Anaithamangira. Anaponyamo.

Achemwali atabwera analowa kubafa kukasamba m'manja. Mpopi sunatsegulidwe. Anatuluka.

"Alendo athu, katani yanga ili kuti?"

"Yapita ndi lole. Mwaiona yatsopanoyo? Madzi salowa, nkhungu siigwira."

"Maso amalowa?"

"Maso a chiyani?"

Achemwali anakhala pa mkono wa sofa, nsapato zili kumapazi. Analankhula motsitsa kuti bambo asamve.

"Chidwalireni, bambo akana chinthu chimodzi chokha. Kusambitsidwa ndi mwana wamkazi. Supuni ndimawagwirira. Mabatani ndimawamangira. Koma kusamba amasamba okha, pa kampando kaja. Ine ndimakhala pakhomo. Pa katani yambuu ija ndimaona chithunzithunzi chabe. Mutu uwo, phewa ilo. Akapendekeka ndimadziwa. Zina sindiona. Iwonso amadziwa kuti sindiona."

"Koma inali yakuda, achemwali."

"Ndimachapa m'munsi mokha. Pakati ndimasiya dala. Ukaikwecha imaonekera ngati galasi."

Chikwama anathamangira kusitolo. Wogulitsa anamuyalira zonse. Zamaluwa, zansomba, zoyera ngati khoma. Yoonekera inalipo, koma yoonekera zenizeni, mpaka mizere ya m'chikhatho.

"Yambuu mulibe?"

"Bwana, mukufuna katani yakutha kale? Gulani iyi, musambire zaka zingapo, ikhala mbuu yokha."

Anabwerera chimanjamanja.

Bambo anali atadzuka, thaulo lili paphewa. Dzuwa likapendeka ndiye nthawi yawo. Sankaiphonya.

"Chikwama, wabwera? Wakhalitsatu, tiyi mpaka wazirala iwe ulipo."

"Ndakugulirani katani, bambo."

"Ndaiona. Yokongola. Ngati ya maliro a munthu wolemera."

Achemwali analoza m'bale wawo. "Lero ukhala pakhomo ndiwe. Ndiwe mwamuna. Ukakayika, suzumira."

Anavomera. Anawathandiza bambo kukhala pa kampando, nakoka katani. Shawa inayamba kulira. Iye anatsamira khoma. Buluu yekhayekha. Nthunzi inamulowa m'jekete. Foni inanjenjemera m'thumba: kufakitale ina makina aima, abwana akufuna amve yankho. Mubafa mawu sankamveka. Anatuluka pakhonde. Kenako pageti, poti netiweki ndiye inali kumeneko.

Achemwali anali kukhitchini pamene kubafa kunamveka kuti phu!

"Chikwama!"

Zii.

"Bambo! Muli bwino?"

Madzi okha. Bambo khutu linawavuta kale, shawa ikamalira samva kanthu. Achemwali anaima kutsogolo kwa katani. Panalibe mutu, panalibe phewa. Anaitananso. Kenako anaikoka mwamphamvu, timbedza tonse n'kulira pachitsulo.

Bambo anali bwinobwino pa kampando kawo. Chimene chinagwa ndi botolo la sopo. Anali atawerama, akulikoka ndi phazi. Anadzutsa mutu. Dzanja lamoyo linathamangira kubisa. Silinakwanire.

"Tseka," anatero.

Achemwali anatseka.

Chikwama analowa foni ili m'manja. Anapeza achemwali ake atayang'ana kukhoma, malaya atanyowa kutsogolo.

"Chachitika n'chiyani? Ndinangotuluka pang'ono."

Achemwali anamulambalala, nabwerera kukhitchini.

Bambo anavala okha tsiku limenelo. Anachedwa. Anatuluka mabatani ataphonyana, kolala ili mkati. Achemwali anatambasula dzanja kuti akonze. Bambo anabweza phewa. Pathebulo anaigwira okha supuni, msuzi n'kumatayikira pa thalauza. Maso ali m'mbale.

"Ndikaipeza, bambo," anatero Chikwama. "Kumene ndikupitaku masitolo ndi akuluakulu. Yambuu ilipo basi. Ndikatumiza pa basi."

"Usavutike."

"Kapena tigule yoonekerayo, tiipake sopo, iume."

"Ndati usavutike." Anaika supuni pansi. Analankhula ndi mwana wawo wamkazi, koma akuyang'ana zenera. "Kuyambira mawa muzindiikira beseni kuchipinda. Ndi kansalu. Ndizidzipukuta. Chitseko ndizikhoma."

Chidwalireni anali asanamunenepo kuti inu.

"Bambo, mukakhoma n'kugwera mkatimo?"

"Mudzathyola."

M'mawa Chikwama anasamba msangamsanga. Katani inagwira ntchito yake, pansi sipanagwe dontho. Potuluka anakumana ndi achemwali m'kanjira ka pakati pa zipinda, atanyamula beseni la madzi ofunda. Anapanikizika kukhoma kuti adutse.

"Ndiimba ndikafika," anatero.

Achemwali anaika beseni pansi, pakhomo pa bambo. Anagogoda. Anabwerera m'mbuyo, n'kutembenuka kuti chitseko chitsegulidwe.