Woyamba Kukwera, Womaliza Kutsika

Dzina langa ndi Kombo. Ndimayendetsa lole. Ndinabadwira ku Kariakoo, mumzinda wa Dar, pakati pa mahutala ndi fumbi, ndipo kukhala malo amodzi sinditha. Sabata ino ndili ku Tunduma, inayo ku Lubumbashi. Kunyumba ku Mbagala ndimafika ngati mlendo. Amatero mkazi wanga Mwantumu.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi, Tunu. Januwale amayenera kuyamba Sitandade 1. Nkhani ya sukulu yake tinaikoka miyezi.

Ine ndinkafuna ya Chingerezi, ya kutawuni. Chingerezi chandizunza pamalire. Wapolisi wa ku Zambia akufunsa, iwe ukungomwetulira ngati mkamwini. Sindinkafuna mwana wanga adzakule akumwetulira choncho. Mwantumu ankafuna ya boma, ya kuseri kwa msika. Kumeneko amaphunzitsa m'Chiswahili. Ana ndi ochuluka, ena amakhala pansi. Koma belu lake limamveka pakhomo pathu.

"Bambo a Tunu, sukulu yanuyo munaiona bwino?" anandifunsa tsiku lina akupala kokonati.

"Ndinaiona. Mpanda, maluwa, basi yachikasu yodzatenga mwana pakhomo."

"Munaiona muli pa lole. Inu zonse mumaona mukudutsa. Inenso munandiona mukudutsa."

"Koma ndinaima."

"Munaima injini ikulira."

Mu Novembala sukulu ya kutawuni ija inaitana ana atsopano kuti akawayese. Anati basi idzamutenga mwana, ndipo tsiku limenelo kholo limodzi likhoza kukwera nawo. Lole yanga inali kudoko, ikudikira katundu. Ndinali pakhomo, miyendo ikuyabwa.

"Mupite ndinu," anatero Mwantumu. "Ulendo ndi ntchito yanu."

Tinamudzutsa Tunu kumzikiti asanaitane pemphero la m'mawa. Anasamba maso ali chitsinzire. Phala anakana, mimba inali isanadzuke. Amake anamukulungira mandasi awiri m'pepala.

Basi inafika yopanda munthu. Woyendetsa anali bambo wa imvi, a Ngonyani. Tinadziwana ndi manja. Madalaivala sitisowana.

"Mbagala ndiye kothera kwanga, achimwene," anatero. "Ndimayambira kuno, ndimamalizira kuno. Khalani kutsogolo, mundichotse tulo."

Tunu anakhala pawindo, maso ali gwa. Ankawerenga magetsi a m'misewu mokweza. Ine ndinkayembekeza kuti tilowa msewu wa Kilwa n'kulunjika kutawuni. Ayi. Tinakhotera ku Kijichi. Geti, hutala, kudikira. Wantchito anatuluka atanyamula mwana paphewa, tayi ili m'khosi, nsapato zili m'manja. Anamukhazika pampando osadzuka. Tinapita pa geti lina. Kenako lina. Wina anabwera ndi kapilo kake kakang'ono.

"Amenewa amadzukira kuti?" ndinafunsa.

"Pa geti la sukulu. Ena amadzukira m'kalasi."

M'basi munali zii. Ana odzaza, phokoso palibe. Ine ndanyamulapo simenti, feteleza, mkuwa. Katundu wofatsa chotere sindinanyamulepo.

Dzuwa litatuluka ndinaona msika woudziwa. Wathu womwe. Tinali tazungulira n'kubwerera pomwe tinayambira, kudzatenga mwana wa tsidya lina la msewu amene makolo ake anapempha kuti azigonako pang'ono. Mayi wa zitumbuwa anali akuyatsa mbaula. Patali ndinamuona Mwantumu akusesa pakhomo. Anzake a Tunu anali asanadzuke n'komwe.

"Ababa, tafika kwathu," anatero Tunu. "Sukulu yatha?"

"Sitinayambe, mayi."

A Ngonyani anaseka mpaka kutsokomola.

Pa msewu wa Kilwa magalimoto anali ataima ndii. Njinga zamoto zokha zikudutsa. Tunu anasiya kuwerenga. Anadya ndasi limodzi, linalo anagona nalo m'manja.

Sukulu yokha sindinganame, inali yabwino. Mipando ing'onoing'ono, zithunzi pakhoma, madzi a pampopi. Mphunzitsi anali mayi wachitsikana waulemu. Anagwada pansi kuti alankhule ndi Tunu. Anamufunsa mitundu ya utoto, anamupatsa pensulo. Tunu anajambula lole ya mateyala ambiri. Anamuphunzitsa mawu awiri a Chingerezi, iye n'kuwabweza bwinobwino. Mtima wanga unadumpha.

"Wakhoza," anatero mphunzitsi. "Malo ake alipo. Mutiuze sabata ino."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati mwini tawuni. Za m'mawa zija ndinaziiwala. Mumtima ndinati amake aone.

Masana tinakweranso basi yomwe ija. A pafupi anayamba kutsika. Kutentha kwa Dar kunalowa m'malata a basi. Tsopano ana anali maso, otopa, olongolola. Wina analira. Pa Mtoni, Tunu anandikoka malaya.

"Ababa, mkodzo."

Poima panalibe. Ndinamutsitsa pakati pa mzere wa magalimoto, n'kumutchinga ndi thupi langa m'mbali mwa ngalande. Basi inasuntha pang'ono. Tinaithamangira.

"Kukanakhala kuti ine palibe, akanatani?" ndinawafunsa a Ngonyani.

"Amazolowera kupirira. Ena sazolowera."

Geti ndi geti basi inapepuka. Pomaliza tinatsala atatu, monga m'mawa. Tinafika dzuwa likulowa. Anzake a Tunu anali akuitanidwa kukasamba. Mmodzi anamukuwira kuti abwere adzadumphe chingwe kamodzi kokha. Tunu anangokweza dzanja. Anagona mpunga uli m'kamwa.

Ndinakhala pakhonde ndi Mwantumu.

"Wakhoza," ndinatero.

"Ndinadziwa. Nzeru ndi za kwathu. Ndiye tikasoketse yunifolomu?"

Msana unkandiwawa ngati ndachokera ku Mbeya.

"Amake Tunu, moyo umenewu ndimaudziwa. Kudzuka mdima, kufika mdima, kudyera pampando. Koma ine ndinauyamba ndili ndi ndevu."

"Ndiye mwagonja?"

"Sindinagonje. Ndasintha njira."

"Madalaivala simusochera, eti? Mumangosintha njira."

M'mawa mwake tinamusiya Tunu agone mpaka adzuke yekha. Anamwa phala, anapempha lina. Tinapita wapansi ku sukulu ya boma ija, iye ndi ine. Kudutsa msika, kukhota pa mtengo wa mango, basi tafika.

Kalasi inali yodzaza. Mawindo ena opanda magalasi. Mphunzitsi wa Sitandade 1, mayi Kisanga, mawu anali atasasa ndi kukuwa. Sindinakondwe nazo zonse, ndinene zoona.

"Chingerezi adzachipeza kuno, aphunzitsi?"

"Chimabwera, bambo, koma pang'onopang'ono. Ayambe wadziwa kuwerenga. Inunso muzimuthandiza kunyumba."

"Ine?"

"Kapena iye azikuthandizani inu."

Ndinamulembetsa.

Tikutuluka, foni inalira. Katundu anali wokonzeka kudoko, ulendo wa Lubumbashi madzulo omwewo. Ndinayankha ndikuyenda. Nditatsitsa foni, Tunu anali kutsogolo, patali ndithu. Sanandidikire. Anakhota pamalo oyenera, analonjera mayi wa zitumbuwa, anadumpha ngalande. Ine ndinkangotsatira m'mbuyo.