Makina a kapu imodzi

"Ofiirawa kapena akudawa?" anafunsa Dominic, mwamuna wanga. Koma sankafunsa ine. Ankafunsa mtsikana wogulitsa m'sitolo ina ku Limbe.

Ine ndinali nditaima kumbuyo kwake, Mtisunge ali kumsana akutsokomola. Tinanyamuka pa Chiradzulu Boma m'mawa titagwirizana chinthu chimodzi: kukagula hotipuleti yophikira pa magetsi. Anamwino anali atandiuza kawiri konse kuti chifuwa cha mwanayu sichidzatha ndikapitiriza kuphikira mbaula m'nyumba. Nyumba yathu ya lendi inali ndi magetsi koma inalibe khitchini yapanja, ndiye chiperoni chikayamba utsi wonse unkathera kuchipinda. Koma titangolowa m'sitolomo, bamboyo anawadutsa mahotipuleti ngati anayambana nawo, n'kukaima pa makina atatu onyezimira opangira khofi.

"Onse ndi abwino, bwana," anatero mtsikanayo. "Mumangoika podi imodzi apa, n'kudina apa. Akudawa amatenthetsa madzi msanga. Ofiirawa sadya malo. Asilivawa amapanganso thovu la mkaka."

Podiyo anationetsa. Kanali kachitini kapulasitiki kotseka pamwamba, kukula kwake ngati theka la dzira, khofi ali m'kati.

"Achemwali," ndinatero ine, "kamodzi amathira anthu angati?"

"Kapu imodzi, mayi."

"Nanga alendo akakhala asanu?"

"Amadikirana."

"Timapodito tikatha, pa Chiradzulu Boma tikagula kwa ndani?"

"Mubwere konkuno."

"Magetsi akazima?"

Mtsikanayo anangoyang'ana Dominic.

"Musawamvere awa," anatero iye akuseka. "Sukulu anasiyira Fomu 2. Chomwe amadziwa ndi tiyi wa mumphika."

Inde, ndinasiyira Fomu 2. Chimene sanamuuze mtsikanayo n'choti amene anandisiyitsa ndi mwini wake yemweyo. Ine ndinapita kunyumba ndi mimba, iye analemba mayeso a Fomu 4 n'kupeza ukalaliki mu ofesi ina pa Boma. Kumeneko ndi kumene anaona bwana wake akumwa khofi wa m'makina, ndipo kuyambira tsiku lomwelo tiyi wanga anayamba kumununkha utsi.

"Bambo a Mtisunge, hotipuleti ija."

"Mwezi wamawa."

"Chifuwa chimawerenga miyezi?"

"Usandichititse manyazi pagulu iwe."

Mtsikana uja anafuna kuziziritsa zinthu. "Kuti musankhe bwino, bwana, kunyumba mumamwa angati?"

"Ndekha," anatero Dominic, osachedwa n'komwe. Analoza ofiira aja.

M'minibasi pobwerera, bokosilo analifungatira pamiyendo njira yonse. Mwana ndinanyamula ine.

Mwezi wamawa uja unafika n'kudutsa. M'mawa uliwonse makinawo ankabuula pa tebulo ngati mbuzi yodwala, iye n'kumwa kapu yake ataima, osandifunsa ngati ndikufuna kulawa. Ine ndinkapemerera makala pakona. Kenako Mtisunge anagonekedwa m'chipatala masiku awiri. Titatuluka sindinakanganenso naye. Ndinatumiza uthenga kwa ankhoswe athu: malume anga a Timoti ku Ndunde, ndi malume ake a Augustine ku Magomero.

Anabwera Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, aliyense ndi akazi ake, anthu anayi, majekete atanyowa ndi chiperoni. Ndinkaganiza kuti Dominic achita manyazi. Ayi ndithu, iye anaona mwayi.

"Tisanayambe nkhani, lero mumwe khofi wa azibwana," anatero akutsegula bokosi latsopano la mapodi khumi.

Anaika podi, anadina. Makina anabuula, khofi anatsika pang'onopang'ono ngati mkodzo wa mwana. Kapu inadzadza, anaiika pakati pa tebulo. Anaika podi yachiwiri, anadina. Magetsi thi!

Kapu imodzi, akuluakulu anayi.

"Yambani, a Timoti," anatero a Augustine akuikankha. "Mwachokera kutali."

"Iyayi, Magomero ndiye kutali. Yambani inu."

"Apatseni amayiwa."

"Ine ndimwe anzanga akundiyang'ana kukhosi?" anatero akazi a malume anga. "Ndinaleredwa ndi anthu ine."

Kapu ija inazungulira tebulo lonse n'kubwerera pakati, yosakhudzidwa ndi mlomo wa munthu. Dominic anadina makina kachiwiri, kachitatu, ngati kudinako kuitana magetsi. Kenako anatuluka kukafunsa kwa aneba ngati kwazimanso.

Ine sindinadikire. Alendo anali atayenda m'mphepo, ena akunjenjemera. Mbaula inali kale ndi moto pakhonde, ketulo ikuwira. Ndinatenga bokosi lija ndi mpeni wosendera mbatata. Mapodi asanu ndi atatu otsalawo ndinawang'amba pamwamba imodzi ndi imodzi, n'kukhuthulira khofi yense m'ketulo. Ndinasefa ndi sefa ya tiyi, ndinathira shuga, ndinadzadza makapu asanu ndi limodzi. Ndi ya Dominic yomwe.

"Eee, koma ndiye watenthetsa m'mimba," anatero a Augustine atamwako. "Ndiye khofi wa azibwanayo ameneyu?"

Dominic analowa. Anaona makapu, anaona timapodi tong'ambika pansi. Nkhope yake inasintha ngati wamenyedwa mbama.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndapatsa alendo chakumwa."

"Mbuli iwe! Zimenezi saphika mumphika ngati nyemba! Ukudziwa kumene ndimazitenga? Ndi za masiku khumi zimenezi, iwe wazitaya kamodzi!"

"Akamwini," anatero a Timoti, "sanataye. Tamwa ndife."

Koma iye sanamve. Anatola timapodi tija n'kutiponyanso pansi. "Zanga izi! Makinawa ndinagulira ine ndekha! Ndekha!"

Kuchipinda Mtisunge anatsokomola, chifuwa chija chouma ngati wina akung'amba nsalu.

A Augustine anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Wati ndekha, mphwanga?"

"Malume, ine ndimatanthauza..."

"Tamva zimene ukutanthauza. Amene akutsokomola uko ndi wa aneba?"



"Ife tinabwera kudzamva mbali ziwiri," anatero a Timoti, "koma mbali imodzi yayankhula zokwana. Esnart, nena wekha."

"Ndikupita ku Ndunde ndi mwana," ndinatero. "Kwa amayi kuli khitchini yapanja. Hotipuleti ikadzapezeka, njira akuidziwa. Ndi yomwe ankadzera usiku ndili pasukulu."

"Pita!" anakuwa Dominic. "Uzikamwa tiyi wako wa utsi. Uona ngati ndingakutsatire."

"Simunatitsatire kuchipatala komwe, pamtunda pomwepa. Ku Ndunde ndiye mukafika?"

Akazi a malume ake anaphimba pakamwa ndi chitenje.

Sindinatenge zambiri: zovala zathu, buku la kusikelo la mwana, ketulo yanga. Potuluka ndinawerama n'kutola timapodi tija pamene anatiponya, ndi kamodzi kaja kamene kanadutsa m'makina. Ndinatimanga pansonga ya chitenje.

"Taonani," anaseka iye, "akutola ndi zinyalala zomwe."

Kapu yoyamba ija inali idakali pakati pa tebulo, itazizira. Palibe analawako.

Ku Ndunde chifuwa chinatha patangopita masabata awiri. Dominic sanabwere, hotipuleti sinabwere, ndipo ine sindinaime pamsewu kuyang'ana minibasi. Ndinali ndi dimba loti ndisamale. Timapodi tija ndinatiboola pansi ndi msomali, ndinatidzadza dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi, n'kuika njere imodzi ya tomato m'kalikonse. Ndinatindandalika pa thabwa kuseri kwa khitchini. Mtisunge ndiye ankathirira ndi chivindikiro cha botolo.

Tisanu ndi titatu tija tinamera tonse, timasamba tiwiritiwiri. Kaja kodutsa m'makina sikanamere. Ndinabzalanso njere ina, osamera.

"Amayi, aka titaye?" anafunsa Mtisunge tsiku lina.

"Kasiye," ndinatero.

Anakanyamula bwinobwino ndi manja awiri n'kukaika kumapeto kwa thabwa, patali ndi tinzake, kokha.