Mzere Wachinayi, Nambala Seveni

Kalata ya akhonsolo inali yaifupi ndipo sinkanyengerera munthu. Msewu watsopano udutsa pamanda akale a kuseri kwa tchalitchi. Amene ali ndi m'bale wake pamandapo abweretse umboni wolembedwa, ndipo mafupa adzaikidwa m'bokosi laokha kumanda atsopano. Opanda mwini onse adzalowa m'dzenje limodzi.

Amayi atamva zoti dzenje limodzi anasiya kudya. Bambo awo ali pamandapo. Anamwalira amayi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kwa zaka makumi asanu amayi akhala akupitako mwezi ndi mwezi atanyamula tsache, kakhasu ndi mpando wopinda. Amazula udzu, amasesa, kenako amakhala pansi n'kuyamba kuwauza nkhani. Ife ana tinkawaseka kuti agogo amadziwa za m'nyumba mwathu kuposa eni akefe.

"Umboni wanji?" anatero amayi. "Bambo anga enieni ndikawapemphere pepala?"

Pepalalo ndinakalipempha ndine. Ntchito yanga ndi yautelala, maofesi sindiwadziwa, komanso mtima wanga ndi wapachala, koma mwana wotsala pafupi ndi amayi ndine ndekha. Pankafunika mapepala awiri: losonyeza kuti amayi ndi mwana wa malemuwo, ndi losonyeza pamene malemuwo agona. Loyambalo linandidyera masabata atatu. Tsamba la ubatizo wa amayi m'kaundula wa parishi linadyedwa ndi chiswe, choncho ananditumiza kunyumba yosungira zolemba zakale za boma kuti ndikafufuze m'mabuku a kalembera wa anthu. Kumeneko salola cholembera cha inki, salola chikwama, ngakhale kutsokomola amakuyang'ana ngati waba. Ndinatsegula mabokosi khumi, fumbi lili m'mphuno tho. M'bokosi lakhumi ndi chimodzi ndinawapeza: mutu wa banja, mmisiri wa matabwa, zaka 31, mkazi wake, mwana wamkazi, zaka 4. Agogowo sindinawaonepo, ngakhale chithunzi chawo kulibe, koma ndinalira pamaso pa anthu mpaka mayi woyang'anira anandisunthira bukulo patali kuti lisanyowe.

Lachinayi m'mawa ndinapita ku ofesi ya parishi kukatenga pepala lachiwiri. Sindinkathamanga. Okumba anali atayamba Lolemba kuchokera mbali ya kutchalitchi, mzere umodzi patsiku, pamene manda athu ali kutsidya, pafupi ndi geti la kumsewu. Ndinkadziwa kuti atipeza sabata yamawa. Amayi okha ndiwo sankakhulupirira, ndipo tsiku lililonse ankalawirira kukakhala pampando wawo ndi ambulera, kulondera.

Kalaliki wa parishi ndi mkulu wina amene aliyense amangomutchula kuti a Mafungulo, chifukwa amamveka kulira kwa makiyi asanaoneke mwini wake. Munthu ameneyu sachita changu ngakhale nyumba itayaka. Anatsitsa kaundula wa maliro pamwamba pa kabati, anamupukuta ndi nsanza, anapukutanso magalasi, kenako anayamba kutsetsereka ndi chala.

"Awa apa. Mzere wachinayi, nambala seveni."

"Ndi omwewo," ndinatero. Manambala amenewo ndinawaloweza ndisanayambe sukulu.

Anatenga fomu n'kuyamba kulemba mwa kachetechete. Ali pakati anati, "Mwachita mwayi, mayi. Mukanabwera mawa mukanalira. Mzere wachinayi akukumba lero."

"Ayi, abambo, athu ali kutali. Ali kufupi ndi geti."

Cholembera chinaima. "Geti liti?"

"Pali mageti angati?"

A Mafungulo anabwerera kutsamba loyamba la kaundulayo n'kulitembenuzira kwa ine. Pamwamba, ndi inki yofiirira chifukwa cha ukalamba, wansembe wina analemba kuti mizere ilipo khumi ndi iwiri, ndipo iziwerengedwa kuyambira pa geti la kutchalitchi.

"Geti limenelo analitseka ndi njerwa chaka chimene ankamanga sukulu," anatero a Mafungulo. "La kumsewulo ndi latsopano. Latsopano kwa ife akale, ndikutanthauza. Amayi anu anawalozera ndani mandawo?"

Palibe anawalozera. Nkhaniyo ndinkaidziwa yonse, kungoti ndinali ndisanaimvepo motere. Maliro atatha amayi anatengedwa ndi azakhali awo kupita kutali, ndipo anabwerera patatha zaka khumi ndi chimodzi. Mtanda wathabwa unali utawola. Wansembe anawalembera manambala pakapepala, iwo anakaima pa geti limene analiona, n'kuwerenga mizere inayi. Ine telala ndimadziwa zimene zimachitika ukayeza nsalu tepi utaigwira chakumapeto.

"Ndiye amene amayi amawasesera aja ndi ndani?"

Anawerenga ndi zala. "Wachinayi kuchokera kumsewu ndi wa naini kuchokera kuno." Anatembenuza masamba, limodzilimodzi, akunyowetsa chala, ine ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa kale teni koloko. "Apa. Mlendo, mwamuna. Anapezeka pa siteshoni. Dzina silidziwika."

"Dindani pepalalo, abambo."

Chidindo chinali m'dirowa yokhoma. Kiyi woyamba anakana, wachiwiri anakana. Atatsegula, inki ya chidindo inali itauma, ndipo mkuluyo anayamba kufunafuna kabotolo. Mulungu andikhululukire, ndinamulanda chidindocho, ndinachiuzira mpweya ngati ndikuuzira tiyi, n'kuchikanikiza ndi manja awiri. Chinaoneka mwa apo ndi apo, koma chinaoneka.

Kuchokera ku ofesi kukafika pa geti la kumsewu uyenera kuzungulira mpanda wonse wa sukulu. Ndinathamanga nsapato zili m'manja, ndipo ndikuthamanga chomwecho ganizo loipa linandipeza. Kapitawo wa okumbawo sawerenga mizere munthu akabwera ndi mapepala odinda. Amangoti lozani. Ndikanatha kukhala chete. Sabata yamawa amayi akanaloza pamene amaloza nthawi zonse, mlendo uja akanalowa m'bokosi ndi dzina la agogo, amayi akanayambanso kudya, ndipo chinsinsi chikanatsala kwa ine ndi a Mafungulo. Amayi ali ndi matenda a mtima. Ndinkaopa, ndinene zoona, kuti ndiwapha ndi pakamwa panga. Koma mmisiri wa matabwa uja, wa zaka 31, ndinali nditamufunafuna masabata atatu, ndipo sindikanatha kumusiya kuti akwere lole m'thumba kupita kudzenje lija.

Amayi anali pampando wawo, ambulera ili paphewa. Manda a patsogolo pawo anali oyera mbee, maluwa ali m'chitini. Kutsidya, pafupi ndi khoma la tchalitchi, amuna ovala magolovesi ndi zophimba kumphuno ankanyamula thumba lakuda kupita nalo ku lole.

"Wathamangiranji ngati wakuba? Pepala walipeza?"

"Ndalipeza. Amayi, imirirani, tipite uko."

"Uko kukatani? Ine sindichoka pano."

Ndinagwada pafupi ndi mpando. Ndinali nditakonza mawu abwino m'njira, koma onse anathawa. "Agogo sali pano, amayi. Munawerengera geti lolakwika. Kale geti linali kutchalitchi. Ali uko, mzere umene akukumba panopa."

Amayi anati, "Mapepala akupengetsa iwe."

"Zalembedwa patsamba loyamba. Ndaziona ndi maso anga."

"Iwe unabadwa liti kuti undiuze kumene kuli bambo anga? Ndabwera pano ndili ndi mimba yako. Ndabwera pano tsiku limene bambo ako anatisiya. Lero ukandiuze za geti?"

Kutsidya kuja wina anafuula kuti, "Faifi yatha!" Mafosholo anasunthira pamanda otsatira.

"Amayi, ali pa nambala sikisi. Mundikalipire madzulo, mundimenye ngati mukufuna. Koma fomu ikufuna dzanja lanu, langa sakulandira."

Sanasunthe. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndipo ndinaganiza kuti basi, ndawapha. Ndinawasiya n'kuthamangira kwa kapitawo, ndikudumpha manda a eni ake. Anali bambo wamtali wa chipewa cholimba, ndipo anawerenga mapepala anga onse awiri mosafulumira.

"Mapepala ali bwino. Koma mwana wa malemu ndi uti? Ndinu a zaka zinayi aja?"

"Ndi amayi anga. Ali apo."

"Abwere asaine. Ine lole ikadzaza imanyamuka, mayi, ndipo zimene zakwera sizitsika. Anyamata akamaliza sikisi sindiwaimitsa."

Ndinawerenga kuchokera kumpanda mpaka seveni. Panalibe chooneka ngati manda. Nthaka inali italowa pansi, udzu wofika m'mawondo, ndi botolo losweka. Ndinakaima pamenepo osavala nsapato, n'kunena kuti amene akufuna kukumba ayambe wandikumba ine. Anyamatawo anaseka, koma kuseka kwawo kunatha msanga. Onse ankayang'ana kumbuyo kwanga.

Amayi ankabwera. Ambulera anaisiya, mpando anausiya. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mizere, milomo ikugwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga. Anapitirira ife mpaka kukhoma, anagwira pamene njerwa zasiyana mtundu ndi zinzake, anatembenuka, n'kuwerenganso okha kuchokera pamenepo: umodzi, iwiri, itatu, inayi. Atafika pamene ndinaima anandikankhira pambali. Anawerama, anatola botolo losweka lija n'kundipatsa.

"Pepani, bambo," anatero. "Ndinachedwa."

Kapitawo anavula chipewa, n'kuwapatsa fomu pathabwa lake. Amayi anasaina. Bokosi linatsitsidwa m'lole ina, latsopano, lonunkhira utuchi. Ine ndinakhala pansi pomwepo, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

"Nanga uja ndi ndani?" anafunsa amayi, osayang'ana kumene ankanena.

"Mlendo. Anamupeza pa siteshoni. Dzina lake silinalembedwe."

"Abale ake?"

"Palibe amene akudziwika."

Anatembenukira kwa kapitawo. "Ndiye kuti uja alowa m'dzenje lija?"

"Lachinayi likubwerali, mayi. Pokhapokha wina amutenge."

"Pepala lake tikalipeza kuti, munthu wopanda dzina?"

Kapitawo anakanda m'mutu. "Wopanda dzina alibe pepala. Lamulo likuti amene wanena kuti ndi m'bale wake asaine, pakhale ndi mboni imodzi. Kungoti mpaka lero palibe wabwera kudzalimbirana anthu otere."

"Tulutsani fomu ina."

"Amayi," ndinatero, "munthu ameneyu sitikumudziwa."

"Iwe ndiye sukumudziwa. Akudziwa zinthu zimene ngakhale bambo ako sanazimve. Ndamulirira, ndamukalipira, ndamupempha nzeru, ndipo sanandithamangitsepo kuti mayi iwe walakwitsa khomo."

Kapitawo anatulutsa fomuyo. Analemba mzere wa naini, nambala seveni, pa dzina anakoka kamzere. Atafika pofunsa ubale anaima.

"Apa ndilembe chiyani?"

"Mwana wake."

Anayang'ana fomu yoyamba ija, inki isanaume. "Mayi, mwangosaina kumene kuti ndinu mwana wa awa."

"Awa anandibereka, n'kundilera zaka zisanu ndi zinayi. Zotsalazo anandilera ndi uja. Lembani."

Analemba. Amayi anasainanso. Kenako kapitawo anatembenuzira thabwa lija kwa ine n'kuloza pansi, pamene pankati mboni itsimikize kuti zonse zalembedwa pamwambazi ndi zoona. Ndinawerenga mawuwo kawiri. Amayi sanandiyang'ane n'komwe, anali atawerama kale akuzula udzu ndi manja kuti anyamata aja aone poyambira.

Ndinapukuta dothi m'manja, n'kusaina.