Tsiku Limene Inang Anaiwala

"Tsamba ili lichoke lonse," anatero Kuya Efren, uku akudula mzere pa mawu amene ndinawavutikira kuposa ena onse. Sanandiyang'ane n'komwe. Olemba anzake amene tinali nawo patebulo, m'kachipinda ka pamwamba pa situdiyo ku Quezon City, anangoweramira makapu awo a khofi.

Kuya Efren ndiye anali mkulu wa olemba a Ulendo wa Balangay, sewero la pa kanema la anthu amene anathawa dziko lapansi litawonongeka, n'kukwera chombo chachikulu cholowera ku nyenyezi ina. Ine ndinali mlendo. Ntchito yanga inali yolemba masewero a pa wailesi kwathu ku Iloilo, ndipo anandiitana kuti ndilembe gawo limodzi lokha, poti wolemba wawo wina anali m'chikuta. Tsiku lofika anandiuza malamulo a sewerolo. Usaphe munthu aliyense wokondedwa ndi owonera. Usatulutse aliyense kunja kwa chombo, chifukwa kujambula mlengalenga kumadya nthawi. Kapitao salira. Inang, loboti yolera ana a m'chombo, saiwala kanthu.

Onsewo ndinawasunga. Chimene ndinachita n'kupatsa Inang tsamba lathunthu loti afotokozere ana obadwira m'chombo momwe mvula inkagwera padziko lapansi, poti anawo sanaionepo.

Ndinamuuza Kuya Efren kuti tsambalo silichoka popanda chifukwa. Ndinamukumbutsa kuti amene ankasewera ngati Inang anali Tita Soledad Villaruel, wodziwika kuti Tita Sol (Tita ndiko kuti azakhali), mayi amene pa utsikana wawo ankadzaza nyumba za zisudzo mu Manila monse, koma m'sewero lino ankangowapatsa timawu tiwiri: inde Kapitao, ayi Kapitao.

"Mlendo wafika dzana, lero akusuntha kale mipando," anatero wolemba wina, ndipo anzake anaseka.

"Mipando yake yaikidwa molakwika," ndinayankha.

Kuya Efren sanaseke nawo. Anapinda tsamba lija, n'kundiuza kuti m'mawa mwake nditsike ndikaonerere akujambula gawo la mlungu umenewo, zokangana tikapitirize pambuyo pake.

Ndinatsikadi. Tita Sol anali ataima pakati pa makoma a mapulanga opakidwa utoto kuti azioneka ngati chitsulo, nkhope yawo yonse ili mbuu ndi utoto wasiliva, msana uli chilili ngati wa msilikali. Mawu awo anali ochepa: kuuza Kapitao kuti mpweya watsala pang'ono m'chipinda cha ana. Anayamba bwino, koma atafika pakati anaima, milomo ili yasa.

Direk Joji, wotsogolera kujambula, anaimitsa kamera n'kukalipira wa magetsi kuti nyali ina ikuphethira. Ine sindinaone nyali yophethira. Ulendo wachiwiri Tita Sol anaimanso pomwe paja, ndipo Dindo, mnyamata wosewera ngati Kapitao, anayetsemula mwamphamvu n'kupepesa kwa aliyense kuti waononga ndi iye. Ulendo wachitatu wa zokuzira mawu anati kunja kwadutsa njinga yamoto. Apo m'pamene ndinaona Kuya Efren atagwada kuseri kwa kamera, atanyamula chikatoni cholembedwa mawu aja ndi zilembo zikuluzikulu.

Atatha, anandikokera pakona. Anandiuza motsitsa mawu kuti mutu wa Tita Sol unayamba kutaya zinthu chaka chathacho, ndipo zikunka zikulirakulira. Eni ake a kanema sankadziwa kuti zafika pati. Akanadziwa, akanaveka chigoba mtsikana wina aliyense, mawu n'kumawapanga ndi kompyuta.

"Tonse muno timawabisa, Ning," anatero. "Iwe ubwera, ulemba, upita. Ife titsala nawo."

Ndinali wokonzeka kulitaya tsamba lija ndi manja anga, pomwe Manang Cora, mayi wopaka ochita sewero utoto, anabwera kudzati Tita Sol akundifuna.

Ndinawapeza m'kachipinda kovalira akudya suman, akudula mpunga wonatawo tizidutswa ting'onoting'ono kuti utoto wa pamilomo usachoke. Anandiyang'ana kudzera pagalasi.

"Ndiwe mwana wa ku Iloilo wandilembera mvula?"

Ndinavomera, n'kuyamba kufotokoza kuti tsambalo n'lalitali kwambiri, silikugwirizana ndi nthawi ya pa kanema. Anandidula.

"Nawenso akuphunzitsa kale bodza? Dindo amayetsemula ngati mbuzi yodya tsabola nthawi iliyonse ndikaima. Akuganiza kuti sindiona." Anaseka pang'ono, kenaka anatembenuka kundiyang'ana maso ndi maso. "Ndimaiwala, mwana wanga, koma sindine chitsiru. Ndi ana abwino, akundikonda, koma andisandutsa chitseko chonena inde ndi ayi. Ndisanatsike m'chombo chawochi ndikufuna ndilankhuleko kamodzi ngati munthu wokhala ndi pakamwa."

Ndinawafunsa chimene tidzachite akadzaiwala pakati.

"Osati ndikadzaiwala. Ndidzaiwala ndithu. Wolemba ndiwe, ganiza."

Ndinaganizadi, ndipo yankho silinali kutali. Ku wailesi kwathu masewero ambiri tinkaulutsa pompopompo, opanda mwayi wobwereza. Mnzako pepala likamugwa, sunkamunong'oneza mawu ake, chifukwa omvera akanamva. Unkangomufunsa funso ngati munthu wa m'seweromo, iye n'kupeza njira poyankha. Ndinalembanso gawo lonse. M'gawo latsopanoli, chombo chidutsa pafupi ndi nyenyezi yolusa, moto wake uwononga mutu wa Inang, ndipo zimene amasunga ziyamba kufufutika. Asanaiwaliretu, asonkhanitsa ana kuti awasiyire mvula. Kapitao akhala pambali pake. M'mphepete mwa tsamba la Dindo ndinamulembera mafunso angapo oti afunse pokhapokha Inang akaima, ndipo asafulumire.

Kuya Efren atawerenga anakwiya kuposa poyamba. Anati ndaswa lamulo lakale kwambiri la sewero lake, komanso ndikufuna kuika matenda a mayi wokalamba pa kanema kuti dziko lonse lionerere. Mawu achiwiriwo anandilasa, koma sindinabwerere m'mbuyo. Ndinamuuza kuti wapempha ndi mwini wake, ndipo ngati sakundikhulupirira atsike akawafunse yekha, pamaso, osati kuseri kwa chikatoni.

Anatsika. Anakhalitsa kumeneko, ndipo pobwera maso ake anali ofiira. Anati tijambula, koma Tita Sol akachita manyazi pamaso pa anthu, tsambalo lidzachoka pamodzi ndi dzina langa. Anatinso kumapeto ndionjezere kuti akatswiri a m'chombo ayamba kukonza mutu wa Inang, kuti olemba a gawo lotsatira apeze nyumba ili momwe anaisiyira. Ndinavomera zonse ziwiri. Pa chachiwiricho iye ndiye ankalondola, ndipo gawo linakoma nacho.

Tinajambula masana a Lachinayi. Ana ochita sewero anakhala pansi mozungulira Tita Sol, atavala zovala zawo zotuwa za m'chombo. Direk Joji anachenjeza aliyense kuti lero palibe woyetsemula, palibe njinga yamoto, ndipo kamera siima mpaka iye atanena. Kuya Efren anabwera chimanjamanja, n'kuima pafupi nane atapinda mikono.

Tita Sol anayamba. Mawu amene ndinkawamva pa wailesi ya mayi anga ndili mwana anatuluka onse, odzaza, osanjenjemera. Ananena za mitambo yosonkhana kumadzulo, za mphepo yoyamba yonunkhira fumbi, za nkhuku zothawira pansi pa nyumba, liwu ndi liwu monga ndinalembera. Anadutsa theka la tsamba. Kenaka anaima.

Maso awo anayendayenda pa makoma aja ngati munthu amene wadzuka m'nyumba yachilendo. Ndinamva Kuya Efren akukoka mpweya. Dindo anadikira, monga ndinamupemphera, kenaka anagwira dzanja lasiliva lija.

"Inang, mvulayo ikayamba, anthu ankatani?"

Tita Sol anamuyang'ana. Atatsegula pakamwa, sanabwerere ku tsamba langa.

"Tinkathamangira mchere," anatero.

Anafotokoza za minda ya mchere ya m'mbali mwa nyanja, yoyera mpaka kuwawa m'maso, ndi mayi wina wamfupi amene ankaona mtambo anthu onse asanauone, n'kuyamba kuitana ana ake mayina mosokoneza. Aliyense ankatola dengu. Unkakokola mchere ndi thabwa, ndi manja, ndi siketi yomwe, chifukwa mvula ikaupeza pansi, ntchito ya chilimwe chonse inkasungunuka uli kuyang'ana. Madontho oyamba ankagwa akuluakulu, otentha, ndipo ukanyambita milomo sunkadziwa ngati ndi mvula, thukuta kapena mchere womwewo. Ana aja anasiya kuchita sewero, ankangomvetsera kukamwa kuli pululu. Manang Cora anadzandiuza pambuyo pake kuti Tita Sol anakulira ku Pangasinan, ndipo mayi wamfupiyo anali mayi awo.

Tita Sol anaimanso. Dindo anafunsa mofatsa kuti kenako chinachitika n'chiyani.

"Kenako sindikumbuka, Kapitao," anatero Tita Sol, mawu ali phee ngati a makina. "Koma tinkathamanga tikuseka."

Direk Joji anasiya kamera ikuyenda mpaka kamtsikana kena kanakatsamira pa bondo la Inang, kosauzidwa ndi munthu. Atanena kuti basi, palibe anaomba m'manja. Kuya Efren anangondigunda ndi chigongono, n'kuloza Dindo amene ankapukuta misozi, n'kunena kuti lamulo loti Kapitao salira laswekanso, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Gawolo linaulutsidwa mwezi wotsatira osadulapo kanthu. Eni ake a kanema anadziwa zonse ataliona, koma owonera anali atamukonda Inang woiwalayo kotero kuti nkhani ya chigoba sinatchulidwenso. Akatswiri a m'chombo sanamalize kumukonza mpaka sewero linatha, ndipo olemba anazolowera kumupatsa Kapitao mafunso. Ine anandiitananso kawiri, ndipo wolemba wondinena za mipando uja ndi amene ankandisungira malo patebulo.

Tsiku lojambulalo, ndisanapite kukakwera basi, ndinadzera m'kachipinda kovalira kukatsanzika. Manang Cora anali akupukuta nkhope ya Tita Sol ndi thonje. Tsaya limodzi linali litabwerera khungu lawo lamakwinya, linalo likadali siliva. Atandiona pagalasi anamwetulira n'kundikodola.

"Iwe wa ku Iloilo, bwera kuno. Za mchere zija walemba bwino kwambiri. Ngati kwathu kwenikweni. Unazidziwa bwanji?"

Dzanja la Manang Cora linaima m'malere, thonje lili m'zala.

"Ndinachita kumva kwa munthu wa kumeneko, Tita," ndinatero.

Anagwedeza mutu mokhutira, anatseka maso, n'kupereka tsaya linalo kuti alipukute.