Mpando Wofupika Miyendo

Chaka cha 1886, chija chipale chofewa chinakwirira nkhosa m'mapiri mwezi wa Malichi, akuluakulu a tchalitchi cha ku Nantyrhedyn sanavutike kusankha mutu wa ndakatulo. Anati aliyense wofuna mpando alembe za chipalecho. Mpando wopatsa wopambana anauza Ithel Prydderch kuti akhome, monga zaka zonse.

Ithel anali kalipentala wa m'mudzimo, munthu wamfupi, wa manja akuluakulu. Mipando ya eisteddfod, mpikisano wawo wa ndakatulo ndi nyimbo, anali atakhoma isanu ndi iwiri, koma panalibe ngakhale umodzi umene anaukhalira. Chaka ndi chaka ankalemba ndakatulo, chaka ndi chaka ankaona mpando wake ukulowa m'nyumba ya wina. Itatu mwa mipandoyo inali tsidya la msewu, kwa Cadwaladr Rhisiart, mnzake wa paubwana, amene ankaswa miyala ya masileti kumgodi. Cadwaladr anali wamtali ngati mlongoti, ndipo kukatentha ankasiya chitseko chotsekula. Ithel akamapala matabwa ankaiona mipando itatuyo itandandalikana kukhoma.

Pa mpikisanowo munthu sankalemba dzina lake lenileni. Ankadzipatsa dzina longopeka, ndipo pofuna kuti woweruza asazindikire kalembedwe kake, ankapempha wina kuti amukopere ndakatuloyo. Ithel ankakoperedwa ndi mkazi wake, Lowri, amene zilembo zake zinali zowongoka ngati mizere ya m'munda.

Tsiku lina masana, Ithel anaona Lowri akutuluka kwa Cadwaladr, chala chili bii.

"Inki imeneyo ndi ya kuti, mayi? Yanga ija munamaliza Lolemba."

Lowri sanabise. Anamukumbutsa kuti mwala unaphwanya dzanja lamanja la Cadwaladr mu Januwale, zala ziwiri n'kuduka, ndiponso kuti mkazi wa Cadwaladr sadziwa kulemba. Munthuyo anali ndi ndakatulo m'mutu koma analibe dzanja. Iye ankanena, Lowri n'kumalemba.

"Ndiye kuti mwaziona zonse ziwiri," anatero Ithel.

"Ndaziona."

"Yabwino ndi iti?"

"Woweruza akuchokera kuchigwa china, bambo, ndipo savala epuloni. Samutsani matabwa anuwa, ndifuna kuyala tebulo."

Ithel anafunsanso pa chakudya, anafunsanso m'mawa mwake. Lowri anati zimene munthu wakopera sanena, ndi mwambo, ndipo Cadwaladr atafunsa za ndakatulo ya Ithel naye anamuyankha chimodzimodzi. Yankho limeneli silinamukhazike mtima pansi Ithel. Anayamba kukumbukira zinthu zimene anali ataziiwala kalekale, monga kuti iye ndi Lowri asanakwatirane, Cadwaladr anaperekezapo Lowri kawiri kuchokera kutchalitchi. Panali patapita zaka makumi awiri ndi zitatu, koma kawiriko anakawerenga bwinobwino.

Kenaka Lachinayi lina Lowri akukanda buledi, Ithel anamumva akunong'ona yekha: "Phiri lafunda nsalu yoyera, koma silinafe." Ithel anasiya kupala thabwa. Mzerewo sunali wake. Ndakatulo yake ankaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo munalibe nsalu. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mzerewo unali wabwino. Zaka zonsezi Lowri anali asananong'onepo mzere wa mwamuna wake pokanda buledi.

Kutatsala masiku atatu, Cadwaladr anatulukira pakhomo la shopu, dzanja lili m'nsalu, atawerama kuti mutu usagunde pamwamba. Anauzungulira mpandowo, wa mtengo wa oki, wosemedwa nkhosa kumsana, n'kuusisita ndi dzanja lamanzere.

"Chaka chino wadziposa, iwe kafupi. Koma usaiwale miyendo yanga. Wa chaka chatha uja unandikwana bwino kwambiri."

"Mpando sakhalira usanaitanidwe," anatero Ithel.

"Ndangoti ndiuone. Munthu amayamba waona ng'ombe asanakonze khola."

Anapita akuseka. Ithel anaima nthawi yaitali akuyang'ana mpandowo. Kenaka anaugoneka pa benchi, n'kutenga sowo. Mwendo uliwonse anadulako zala zinayi, mosamala, mofanana, poti ngakhale mtima utakwiya dzanja la mmisiri silikhota. Tizidutswa tinayito anatikankhira pansi pa utuchi. M'maganizo mwake ankamuona kale Cadwaladr pamaso pa mudzi wonse, mawondo ali kuchibwano ngati chiwala.

Lolemba la Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Panali makwaya, panali ana olakatula mavesi, ndipo tiyi atamwedwa mpando unabwera kutsogolo utafundidwa nsalu. Woweruza, m'busa wokalamba wa kuchigwa china, anaimirira ndi mapepala ake. Anati ndakatulo zinalipo zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi ziwiri anazikwirira msangamsanga, ina n'kunena kuti mwini wake aphunzire kaye kuweta nkhosa asanayambe kuzilirira. Zotsala ziwiri anati zinamusowetsa tulo. Ina inali ndi mzere umodzi umene iye mwini akanakonda kuulemba. Inayo inalibe mzere wotero, koma inali yolumikizika bwino ngati chitseko cha mmisiri, mphepo yosalowa paliponse, ndipo inamuliza pamene mbusa wa nkhosa akufukula chipale ndi manja.

"Mpando ukupita kwa Nkhosa Yotsala. Aimirire Nkhosa Yotsala, ndipo aimirire yekha."

Palibe amene anaimirira. Ithel maso anali pa Cadwaladr, kudikira kuti mlongoti udzuke. Dzinalo analimva, koma linangomudutsa ngati la munthu wina. Lowri anamugunda ndi chigongono m'nthiti.

"Ndinu, bambo. Dzukani."

Anaimirira. Anthu a kumbuyo sanamuone msanga, mpaka wina anati akwere pa benchi. Madikoni awiri anamugwira mikono kupita naye kutsogolo. Anasolola lupanga pang'ono pamwamba pa mutu wake, monga mwa mwambo, n'kufunsa katatu ngati kuli mtendere, ndipo katatu anthu anayankha kuti mtendere. Anavundukula nsalu, Ithel n'kukhala.

Mapazi ake anafika pansi, phwathalala.

Aliyense m'mudzimo ankaidziwa mipando ya Ithel, kuti inali yaitali, yaulemu, yoti munthu wamfupi ngati iye miyendo ikanangolendewera. Uwu unamukwana ngati nsapato. Manong'onong'o anayambira kwa amayi a kutsogolo n'kuyenda benchi ndi benchi. Wina anati kalipentala anadziwiratu. Wina anafunsa kuti anadziwa bwanji, ngati sanauzidwe ndi wina wake. Nkhope ya woweruza inayamba kufiira, poti mawuwo anali akumukhudza iyenso.

Cadwaladr anayankhula ali chikhalire, koma mawu ake anafika mpaka kuchitseko.

"Telala uyu anadziyeza yekha, abale."

Ena anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino konse.  Mpando umene Ithel anaudikira zaka zisanu ndi zitatu unali pansi pake, koma akangokhala chete, mudzi wonse ukanati anaupeza mwachinyengo, ndipo m'busa wosalakwa akanabwerera kwawo ndi mbiri yoipa. Njira yochotsera zimenezo inali imodzi yokha, ndipo inali yochititsa manyazi. Anayang'ana Lowri. Lowri anali atapinda manja pamiyendo, akumuyang'ana ngati mmene ankayang'anira buledi mu uvuni.

Anaimirira.

"Sindinadziyeze ine," anatero. "Ndinayeza Cadwaladr. Ndimaganiza kuti watenganso, ndiye ndinadula miyendo Lachisanu kuti mawondo ake afike kuchibwano, nonse mumuseke. Abusawa sadziwa kanthu."

 Kenaka Cadwaladr anadzuka, mlongoti wonse, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo. Anamusuntha Ithel ndi dzanja lamanzere, natembenuka, nakhala pampandopo. Mawondo anakwera, anakwera, mpaka ndevu zake zinagona pamwamba pake.

"Munthuyu amadziwa kuyeza," anatero.

Tchalitchi chinagwedezeka ndi phwete. Woweruza anaseka mpaka anavula magalasi, ndipo madikoni anayesetsa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Cadwaladr anafunika anthu awiri kuti amudzutse. Atadzuka anamuweramira Ithel n'kumuuza chapansipansi kuti chaka chamawa akhome wautali, poti dzanja lamanzere likuphunzira kulemba.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mpando unali utafika kunyumba. Lowri anaika ketulo pamoto, kenaka anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa tizidutswa tinayi ta oki, n'kutindandalika patebulo. Anati anatipeza Loweruka akusesa.

"Bwanji simunanene?"

"Mukanandimvera? Ndikanati yanu ndiyo yabwino, mukanati ndikukunyengererani. Ndikanati yake, mukanadula ndi msana womwe."

Ithel anatenga kachidutswa kamodzi n'kumakatembenuza m'manja. Anadziwa kuti ndi bwino kukhala chete, koma funsolo linatuluka lokha.

"Nanga mzere uja wa nsalu yoyera?"

"Ndi wake, ndipo ndi wabwino. Inu muli ndi mpando, bambo. Msiyireni mzere mnzanu."

 Ithel anaunyamula mpandowo n'kuuyesa pafupi ndi moto, n'kuuyesanso pansi pa windo, koma ponsepo sipanamukomere. Pomaliza anauika kukhoma loyang'anizana ndi chitseko. Kunja kunali kukuzizira ndithu, m'mapiri chipale chisanasungunuke chonse, koma iye anatsekula chitseko n'kuchitsamiritsa ndi kachidutswa ka oki kuti chisatsekeke. Tsidya la msewu, chitseko cha Cadwaladr nachonso chinali chotsekula.

"Itatu," anatero Ithel, akuwerenga chapansipansi mipando ya kwa mnzakeyo.

"Mukutiziziritsa," anatero Lowri, koma chitsekocho sanachitseke.