Nyumba ya a Zeferino

"Mphasa za anawo zilowe m'nyumba," adatero a Valter, bambo aang'ono a Matilde. "Pa siwa tigona tonse mpaka tsiku lometa. Mwambo sunasinthe."

Matilde sadasunthe pamphasapo, ana ake awiri atamukangamira. Dzulo lake adaika m'manda bambo ake, a Zeferino. Chivomezi chimene chidawapha chinali chochititsa manyazi kuchitchula. Ku Chiuaula, dera la kumphepete kwa tauni, nyumba za zidina zidangogwedera pang'ono, nkhuku n'kupitiriza kutola zakudya. Koma pakati pa Lichinga, chumuni ya nyumba yawo yakale ya atsamunda idathyoka, kuboola denga, n'kuwapeza mkuluyo akuwotha moto wa m'mawa.

Nyumbayi adaipeza atabwerako ku Malawi kothawa nkhondo, ndipo ankaikonda kuposa anthu okhalamo. "Chomanga Mpwitikizi sichigwa," ankatero, uku akuyang'ana nyumba za anzawo ndi diso la nkhwezule. Mawu amenewa tsopano ankamuwawa Matilde.

"Bambo, ana anga salowamo," adayankha.

"Nanga anthu ati chiyani, mana?" adafunsa mlongo wake Alcides, akumuitana kuti chemwali m'Chipwitikizi. "Ati tikuthawa mzimu wa atate? Yagwa ndi chumuni basi. Makomawa ali ndi mng'alu?"

Kunena zoona, makoma anali oyera mbee, osalala. Alcides adasolola mphasa imodzi n'kulowa nayo m'chipinda chimene adzukulu ankagona patchuthi chilichonse. Matilde adamulondola. Malo adachepa, choncho Alcides adakankha kabati yaikulu imene inali isanasunthidwepo chibadwire chawo.

Kuseri kwake kunali mng'alu wochokera pansi mpaka kudenga, woti dzanja n'kulowa. Sunali wa dzana ayi. Munali motsekeramo nsanza zoda ndi fumbi la zaka. Alcides adasolola imodzi. Anali malaya akale a atate awo, opindidwa bwinobwino ngati oika m'sutikesi, mabatani onse atamangidwa.

"Ankadziwa," adatero Matilde. "Ana anga ankagoneka mitu apa, iwo akudziwa."

A Valter adasuzumira pakhomo, nayang'ana khomalo kwa nthawi, kenaka adatsitsa mawu.

"Bwezerani kabatiyo msanga. Anthu angaone."

Matilde adapinda mphasa ija, naipanira kukhwapa, n'kuwadutsa osawapempha njira.