Pikapu ya Ricardo Inamera Mchira

Nkhani iyi ndinaitola pa pulazi ina ya fodya kuseri kwa Norton, kumene ndinakhala masiku atatu podikira nsapato yanga kwa wosoka. Anandiuza ndi mayi Eneless, ndipo akadumpha pena, anzawo ankawabweza.

Pakati pa komboni ya pulaziyo padutsa msewu woongoka ngati ndodo. Kale unali wa mathalakitala, koma utathiridwa phula, oyendetsa mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mozemba tija, anaupeza kuti ndi wachidule pothawa apolisi. Tsono amuna awo a Eneless, a Joze, makutu anatha kalekale. Tsiku lililonse ankawoloka msewuwo kukaothera dzuwa pakhonde la sitolo, osayang'ana uku kapena uko, ati iwo anafika pamenepo msewu usanabwere. Kawiri konse galimoto inawavula chipewa ndi mphepo yokha.

A Eneless anapita ku khonsolo kukapempha hampu, kachitunda ka pamsewu kochepetsa liwiro la magalimoto. Kumeneko anawawerengera malamulo. Hampu isayandikire pokhota, isatalike kuposa chikhatho, makomo onse asayine. Koma lamulo lalikulu linali lakuti pamsewupo pazidutsa magalimoto sikisite kuyambira m'mawa mpaka folo koloko, ndipo kalaliki adzabwera kudzawerenga yekha. Tsiku lake anaika Lachiwiri.

"Lachiwiri!" anatero a Eneless atabwerako. "Mushikashika amadutsa Lachisanu ndi Loweruka. Lachiwiri ngakhale nkhuku zimagona paphula. Ndiye madala angawa adzafere tsiku lolakwika?"

Komboni yonse inali ndi galimoto imodzi, pikapu yokalamba ya Ricardo, mwana wa mchimwene wa a Eneless. Koma inalinso ndi a Lazalo ndi anzawo a gule. Za kudambwe ine sindinena, koma aliyense amadziwa kuti manja amenewo amatha kusandutsa chinthu kukhala china. Anagwirizana kuti pikapu izidutsa, izizungulira kuseri kwa mabalani a fodya, kumeneko aisinthe nkhope, ibwerenso.

Kalaliki anafika, dzina lake Collen, Mshona wa taye. A Eneless anamuikira mpando pansi pa mtengo wa mango moyang'ana dzuwa, namupatsa maheu.

Pikapu inadutsa yoyera, yopakidwa laimu. Collen anachonga. Inabwera yofiira ndi dothi la pachulu. Anachonga. Kenako inabwera ndi denga la makatoni ngati kombi, a Anesi, oyandikana nyumba ndi a Eneless, ndi azimayi anzawo atatulutsa mitu pazenera. Kenako inabwera itasenza masaka ngati lole ya fodya. Ricardo naye ankasintha, pena chipewa, pena duku, pena ndevu za chingwe.

Itakwana khumi ndi isanu Collen anakweza mutu.

"Nhai ambuya, magalimoto akuno onse amatsokomola mofanana?"

"Ndi fumbi la fodya, mwanangu. Ngakhale ife timatsokomola chimodzimodzi. Onjezani maheu."

"Nanga manambala bwanji onse ali ndi matope? Mvula inatha mwezi wa Epulo."

"Akuchokera kudamu."

"Onsewo?"

"Kudamu n'kokoma."

Collen anachonga, koma pang'onopang'ono.

Pofika hafu fili anali pa fote seveni. Kuseri kwa mabalani thukuta linali kamukamu, laimu watha, makatoni ang'ambika. A Eneless anathamangirako.

"Inu a Lazalo, mukukongoletsa mkwatibwi? Fulumirani! Iwe Ricardo, ponda moto, ukuyenda ngati ukuperekeza maliro!"

"Azakhali, mabuleki ake ndi ongopempha."

"Ndani wakuti uime?"

Apa m'pamene panalakwika. Madala a gule aja atapanikizika, mutu unasiya kuganiza, manja n'kuyamba kuchita zomwe anazolowera. Anaikuta ndi makoko a chimanga mpaka pagalasi, kutsogolo anamangako nyanga, ndipo a Lazalo, osazindikira n'komwe, analumikiza mchira wautali wa khonje kumbuyo. Ricardo anatulukira pamsewu ali pa liwiro loti pikapuyo sinalione chibadwire, mchira ukukwapula fumbi. Azimayi ena anayamba kuwomba m'manja mwachizolowezi, ena kuthawira m'nyumba.

Collen anaimirira. "Mwari wangu! Iyi ndiilembe kuti chiyani?"

Nthawi yomweyo a Joze anati dzuwa lakwana, nanyamuka pasitolo kubwerera kwawo. Analowa mumsewu mwaufulu, manja kumbuyo. Ricardo sankaona kanthu, makoko atatseka galasi. A Eneless anakuwa, koma kukuwira a Joze n'chimodzimodzi kukuwira chitsa. Collen ndiye anali pafupi. Anataya pepala, nadumpha, nawakumbatira m'chiuno, onse awiri gubudu m'ngalande. Chinyama chija chinadutsa fyuu, n'kukaima chokha m'munda wa kabichi wa a Anesi.

Collen anatuluka m'ngalande taye ili kumsana, bondo la buluku litang'ambika. Anatola pepala lake, nakhala pampando.

"Ambuya," anatero, "magalimoto amene ndaona lero ndi imodzi. Ndinaizindikira isanakwane teni koloko. Chitseko chake n'chomanga ndi waya."

"Nanga unkachongeranji?"

"Ndimafuna ndione kuti muthera pati."

Anafufuta zonse zija, a Eneless mtima uli phaa. Kenako anatembenuza pepala. Kuseri kwake kunali bokosi lina limene ku khonsolo sanawawerengere, lonena kuti wantchito wa khonsolo akaona yekha ngozi ndi maso ake, chiwerengero sichifunikanso.

"Mtundu wa galimoto ndilemba pikapu," anatero. "Za mchira sindilemba, angandichotse ntchito."

Hampu inabwera patatha miyezi isanu, ziwiri ndithu, ina kumtunda kwa sitolo, ina kumunsi. Mushikashika tsopano amafika pamenepo mogwada. Ndinaziona ndekha, ndipo a Joze ndinawapeza ali moyo, akuwoloka pakati pa ziwirizo.

Koma iwo nkhani yonseyi sakuidziwa, poti palibe anakwanitsa kuwafotokozera. Atandiona ndi jekete, anandigwira mkono n'kundifunsa mokweza ngati ndine wa khonsolo. Ndinapukusa mutu.

"Mwachita bwino," anatero. "Anthu amenewo alibe mwambo. Wina anandigwetsera m'ngalande ndisanamulakwire kanthu."